Kusintha nokha pasiwedi ya ku ofesi kudzera pa tsamba la intaneti: mafunso ndi mayankho

Izi tawalembera ogwira ntchito ndi oyang'anira makompyuta m'maofesi ndi m'masukulu a kuno ku Mzuzu, kumene akaunti imodzi imatsegula kompyuta, imelo ndi Wi-Fi.

Bwanji osangopita kwa a IT kuti andisinthire?

Pasiwedi imene wakuikirani munthu wina ndiye kuti mukuidziwa awiri. Kawirikawiri imalembedwa pakapepala kapena kutumizidwa pa WhatsApp, n'kukhala pamenepo miyezi. Cholinga cha tsambali n'chakuti pasakhale wina woidziwa, ngakhale a IT amene. Komanso munthu wa ku nthambi ya ku Luwinga asamalipire kabaza kubwera m'tauni chifukwa cha ntchito ya mphindi ziwiri.

Ndiyambire pati?

Lembani nokha adilesi ya tsambalo. Musadine linki yobwera pa imelo yonena kuti akaunti yanu itsekedwa lero, poti akuba amakonda njira imeneyo. Onetsetsani kuti adilesi ikuyamba ndi https. Kenako lembani dzina lanu lolowera, pasiwedi yakale, ndi yatsopano kawiri. Pakompyuta yobwerekana musachitirepo zimenezi.

Browser (pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti) ikundichenjeza kuti tsambalo si lotetezeka. Ndipitirize?

Ayi. Imani, dziwitsani a IT. Mwina setifiketi ya tsambalo, imene imatsimikizira kuti ndi lenileni, yatha: zoperekedwa ndi bungwe la Let's Encrypt kawirikawiri zimakhala masiku 90, ndipo ikalephera kudzikonzanso yokha chenjezo limatuluka. Mwinanso vuto ndi wotchi. Kompyuta imene kabatire kake ka CMOS (kosunga nthawi) kanatha imabwerera ku deti lakale magetsi akazima, ndiye imaona setifiketi yabwinobwino ngati yolakwika. Oyang'anira asamauze anthu kuti "ingodinani, zilibe kanthu". Mukawazoloweza zimenezo, tsiku limene chenjezolo lidzakhale loona adzadinanso.

Kwa oyang'anira: tsambalo lilumikizane bwanji ndi seva ya maakaunti?

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Amateteza njira yochoka pa browser kufika pa tsamba, pa port 443, n'kusiya yochoka pa tsamba kupita ku seva ya maakaunti (ya LDAP) ili pambalambanda pa port 389. Gwiritsani ntchito njira zobisa uthenga, LDAPS pa port 636 kapena StartTLS pa 389, ndipo tsambalo lizitsimikizira setifiketi ya sevayo. Active Directory, pulogalamu ya Microsoft yosunga maakaunti, siilola n'komwe kusintha unicodePwd (malo a pasiwedi) panjira yosabisidwa.

Chachiwiri ndi chachikulu koposa. Pasiwedi izisinthidwa ndi akaunti ya mwiniwake, atalowa ndi yakale ija, osati ndi akaunti ya admin yosungidwa mufayilo ya tsamba. Mu pulogalamu yosinthira mapasiwedi ya Self Service Password ya LDAP Tool Box, ikani who_change_password kukhala user. Mukaika manager, wothyola tsambalo watenga makiyi a nyumba yonse. Pa seva ya OpenLDAP, akaunti yaikulu ya rootdn simangidwa ndi malamulo a mapasiwedi otchedwa ppolicy, kotero ngakhale pasiwedi ya zilembo zitatu ikhoza kudutsa. Onaninso kuti mapasiwedi sakulembedwa m'mafayilo a log: fomu izitumiza ndi POST, osati GET, chifukwa GET imawaika mu adilesi momwemo.

Yatsopanoyo ikukanidwa. Chalakwika n'chiyani?

Mwina yafupika, mwina munaigwiritsapo ntchito. Active Directory yosasinthidwa malamulo imakumbukira mapasiwedi 24 akale, ndipo siikulolani kusinthanso tsiku limodzi lisanathe. Sankhani mawu anayi kapena asanu osagwirizana, a Chitumbuka, Chichewa kapena osakaniza, opitirira zilembo 15. Dzina la mwana, la mudzi kwanu kapena la timu ya mpira anzanu amalidziwa kale.

Ndizisintha mwezi uliwonse?

Sitikulimbikitsa. Bungwe loona za miyezo la NIST la ku America linalangiza mu 2017 kuti anthu asamakakamizidwe kusintha nthawi ndi nthawi popanda chifukwa, chifukwa amangowonjezera nambala kumapeto. Sinthani msanga mukakayikira kuti wina waiona.

Ndasintha bwinobwino, koma akaunti yatsekeka pasanathe ola. Zatheka bwanji?

Yang'anani foni yanu. Ikuyesabe kulowa pa Wi-Fi ndi imelo ndi pasiwedi yakale, ndipo kuyesa kulikonse kukuwerengedwa ngati kulephera mpaka malire afika. Musanasinthe, zimitsani Wi-Fi pafoni ndi pa laputopu. Mukasintha, chotsani netiweki ya ku ofesi pafonipo, muilowetsenso ndi yatsopano, kenako imelo. Oyang'anira aike malire a kulephera ka 10 ndi kutseka kwa mphindi 15. Katatu n'kochepa kwambiri kwa munthu wokhala ndi zipangizo ziwiri.

Nanga ndikaiwala yakaleyo?

Tsamba losinthira silingakuthandizeni, poti limafuna yakale. Maofesi ena amatumiza nambala pa SMS ku Airtel kapena TNM. Nambalayo izigwira kamodzi kokha, izitha pakadutsa mphindi 10, ndipo tsambalo lisamaulule ngati dzina lalembedwalo lilipo kapena ayi. Mukasintha SIM, lembetsani nambala yatsopano sabata yomweyo. Kumene kulibe njirayi, pitani nokha ndi chitupa chanu cha unzika, akupatseni pasiwedi yongoyembekezera imene makina adzakukakamizani kuisintha mukangolowa koyamba.