Kachirombo komwe kanatukula vinyo wa ku Rioja

Kumpoto kwa Spain, m'mphepete mwa mtsinje wa Ebro, m'chigawo cha Rioja, kuli tauni yaing'ono yotchedwa Haro. Pafupi ndi siteshoni yake ya sitima pali makampani akale a vinyo oyandikana khomo ndi khomo: López de Heredia wa 1877, CVNE wa 1879, La Rioja Alta wa 1890. Sanamange pamenepo mwangozi.

Kale alimi a ku Rioja ankasunga vinyo m'matumba a zikopa omata ndi phula. Sankachedwa kusasa, choncho ankangomwedwa konko. Anthu ochepa monga Luciano de Murrieta anali atakaphunzira ku Bordeaux, mzinda wa ku France wotchuka ndi vinyo, kasungidwe ka m'migolo, koma ambiri ankaona ngati n'kutaya ndalama.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1860, pamene kachirombo kotchedwa phylloxera, kochokera ku America, kanalowa m'minda ya mphesa ya ku France. Kamayamwa mizu pansi pa nthaka, mlimi n'kumangoona masamba akuchita chikasu, mpesa n'kuuma. Amalonda a ku Bordeaux atasowa chogulitsa anawoloka mapiri a Pyrenees kukafuna vinyo, ndipo anapeza njanji yopita kudoko la Bilbao itatsegulidwa kale mu 1863, yodutsa pa Haro pomwepo. Anabwera ndi ndalama, komanso luso losunga vinyo m'migolo ya mtengo wa oak ya malita 225. Tauniyo inalemera mwakuti mu 1890 misewu yake inali ndi magetsi, mizinda ikuluikulu yambiri ya ku Spain ikadali mumdima.

Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu 1899 kachiromboko kanafika ku Rioja, Afalansa atayamba kale kuchira komanso atakweza msonkho pa vinyo wakunja. Mabanja ambiri anasamuka. Otsalawo anazula minda n'kumezanitsa mphesa zawo, makamaka za mtundu wa Tempranillo, pa mizu ya ku America yomwe kachiromboko sikaipha.

Chimene ine ndimachilemekeza kwambiri ndi chimene anachita ndi luso lobwerekalo. Ku Bordeaux vinyo wapamwamba amagulitsidwa akadali wamng'ono, wogula n'kumadikira yekha zaka. Anthu a ku Rioja anasankha kudikira iwowo. Botolo la vinyo wofiira lolembedwa Crianza lasungidwa zaka zosachepera 2, Reserva zaka 3, pomwe Gran Reserva zaka 5, ziwiri mwa izo mumgolo. López de Heredia amapyola pamenepo: vinyo wawo wa Viña Tondonia Reserva amakhala zaka 6 mumgolo, m'mapanga omwe makoma ake adera ndi nkhungu, ndipo migoloyo imakonzedwa ndi amisiri awo pabwalo pomwepo. Ku kampani ina ya Muga, tsidya lina la msewu, mpaka lero amaswa mazira n'kuthira choyera chake mumgolo kuti chikokere nsenga pansi, ndipo potsanula vinyo amaunika ndi kandulo kuti aone pamene wayamba kuda. Ntchito yonseyi wogula amaipeza pa mtengo wotsika kusiyana ndi botolo lofanana nalo la ku Bordeaux.

Kutchipako kuli ndi mbali ina yopweteka. Spain ili ndi minda ya mphesa yaikulu kuposa dziko lina lililonse, ndipo vinyo wambiri, makamaka wa kuchigawo cha La Mancha, amatuluka m'dzikomo m'matanki pa mtengo wotsika kwambiri. Zimenezi zimatsitsa dzina la vinyo yense wa ku Spain, ngakhale wosungidwa mosamala uja, ndipo zimakwiyitsa alimi a kumwera kwa France omwe sangapikisane ndi mtengo wotero. Mu April 2016 ena mwa iwo anaimitsa malole a ku Spain pafupi ndi malire, ku Le Boulou, n'kutsegula mipopi, vinyo n'kuyenderera mumsewu madalaivala akuonerera.