Musayambe ndi mbuna m'kathanki kakang'ono

Funso limene limandipeza kawirikawiri kuno ku Salima ndi lakuti, "Ndapeza kathanki kagalasi, ndiikemo nsomba za mbuna zingati?" Ndikafunsa kuti kathankiko kamalowa madzi malita angati, munthu amangoti kukamwa yasa. Chonde abale anga, yambani mwadziwa madzi anu, nsomba zibwere pambuyo.

Tengani tepi. Yezani mulitali, mulifupi ndi kuya kwake m'masentimita, chulukitsani manambala atatuwo, kenako gawani ndi 1,000. Thanki ya masentimita 60 ndi 30 ndi 30 imalowa malita 54, ndipo mukathiramo mchenga ndi miyala, madzi enieni amatsala cha m'ma 45. M'thanki yotere mbuna musaikemo ayi.

Ndikudziwa kuti mawuwa ndi owawa, poti mbuna ndi nsomba yathu, yokongola, ndipo nyanja ili pakhomo. Koma mbuna imakhala m'miyala, imadya ndere zomera pamiyalapo, ndipo yaimuna imagwira malo ake nkumathamangitsa inzake iliyonse yoyandikira. Kunyanja yothamangitsidwayo imathawira kumwala wina. M'galasi ithawira kuti? Atambala awiri salira m'khola limodzi. Imalumidwa zipsepse, imabisala pakona pafupi ndi fyuluta (chosefera madzi), imasiya kudya mpaka kufa. Mbuna zimafuna thanki yotalika masentimita 120, ya malita 200 kupita m'tsogolo, miyala yambiri yokhala ndi mapanga, fyuluta yamphamvu, komanso yaimuna imodzi pa zazikazi zitatu kapena zinayi.

Pali nkhani ya banja lina imene mpaka lero imandisowetsa mtendere. Anagulira mwana wawo kathanki ka malita 20, nagula mbuna zingapo m'chidebe kugombe. Wogulitsayo anawauza kuti azizipatsa usipa wosinja ndi nyenyeswa za nsima. Matumbo a mbuna ndi aatali, anazolowera ndere. Ikamadya zanyama tsiku ndi tsiku mimba imatupa, chimbudzi chimatuluka choyera ngati ulusi, kenako imakana chakudya. Zitayamba kutero, wina anawalangiza kuti atsegule kapisozi wa mankhwala a anthu nkuthira m'madzimo, awonjezerenso mchere wa m'khitchini. Madzi anachita mbuu, zotsalazo zinafa zonse. Mwanayo ankalira poganiza kuti walakwa ndi iye, chikhalirecho ankachita ndendende zomwe akuluakulu anamuuza. Amene amagulitsa nsomba asanafunse kukula kwa thanki yanu, mutalikireni. Amene akukuuzani za makapisozi, Panado kapena mchere pa vuto lililonse, sadziwa nsomba.

Muzifunsanso komwe mbunazo zagwidwa. Zilumba za Maleri, zomwe timaziona tikakhala cha ku Senga Bay, zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, omwe anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Kugwira nsomba m'mbali mwa zilumbazi nkoletsedwa. Mitundu yambiri ya mbuna imapezeka pamiyala ya dera limodzi lokha, kwina kulikonse kulibe.

Ana a chambo, makumba ndi chilunguni amakula kuposa thanki yanu pa miyezi yochepa. Mlamba umameza chilichonse cholowa m'kamwa mwake. Usipa sukhalitsa m'galasi. Goldfish nayo ndiikane poyera: imafuna madzi ozizirirapo, imakula kupitirira masentimita 15, imadetsa madzi kwambiri. Madzi akatentha amasunga mpweya wochepa, ndiye ndi kutentha kwathu kwa mu Okutobala ndi Novembala, goldfish ya m'kambale kagalasi imangokhalira kuyasamula pamwamba.

Woyamba kumene ayambe ndi tinsomba tating'ono tachilendo totchedwa guppy kapena platy. Zimakhala bwino m'madzi ofunda a madigiri 24 mpaka 28, ndipo zimakonda madzi olimba ngati a pamjigo, aja sopo amavuta kuchita thovu. M'thanki ya malita 54 ikanimo zisanu ndi chimodzi, zikachuluka zisanu ndi zitatu. Ndimalangiza zazimuna zokhazokha, ndizonso zokongola. Mukasakaniza, yaimuna imodzi ikhale ndi zazikazi ziwiri kapena zitatu, koma dziwani kuti guppy siikira mazira, imabereka ana amoyo pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo thanki imadzaza msanga. Ngati kathanki kanu ndi ka malita 20 mpaka 30, ikanimo nsomba yotchedwa betta, yaimuna imodzi, yokhayokha, ndi chivindikiro pamwamba chifukwa imalumpha. Ubwino wa betta ndi wakuti imatha kupuma mpweya wa pamwamba pa madzi, choncho magetsi akazima imapirira kuposa zinzake. Musaiphatikize ndi guppy, imaluma michira. Osunga guppy akhale ndi kapampu ka mpweya koyendera mabatire.

Tsopano chimene anthu amadana nacho kumva: kudikira. Thanki yatsopano siikidwa nsomba tsiku lomwelo. Nsomba imatulutsa amoniya, yemwe ndi poizoni. Mabakiteriya ena abwino, omwe amakhala m'siponji ya fyuluta, ndiwo amasintha amoniyayo kukhala chinthu chosaopsa kwenikweni, ndipo kuti achuluke pamatenga masabata 4 mpaka 6. Dzazani thanki, yatsani fyuluta usana ndi usiku, muziponyamo kachakudya ka nsomba pang'ono kuti mabakiteriyawo apeze chodya. Mukapeza siponji yakale kwa mnzanu amene nsomba zake zili bwino, nthawiyi imafupika. Kenako ikanimo nsomba zitatu kaye, zina mudzawonjezere pakatha masabata awiri. Siponjiyo muziitsuka m'madzi omwe mwachotsa m'thanki, osati apampopi, ndipo sopo asayandikire. Makapisozi aja amapha mabakiteriya omwewa.

Madzi apampopi ali ndi klorini. Asiyeni m'ndowa yosavindikira masiku awiri, kapena thiranimo mankhwala ochotsa klorini. Madzi omwe mwathiramo WaterGuard ndi akumwa anthu, nsomba amazipha. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, osati onse, nkuthiramo ena ofunda mofanana. Chakudya chikhale chopangidwira nsomba za m'thanki, chochepa choti zimalize pa mphindi ziwiri. Madeya ndi a m'damu. Thanki isakhale pawindo pomwe dzuwa limawomba, ndipo mu Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba, yang'anani kuti madzi asazizire kutsika madigiri 22. Ngati nsomba mwazigula ku Lilongwe, thumba likhale pamthunzi ulendo wonse, mukafika liyandamitseni m'thanki mphindi 20 musanalitsegule.

Mukaona nsomba zikuyasamula pamwamba, zitapinda zipsepse, kapena madzi akununkha, musadikire mawa. Sinthani theka la madzi tsiku lomwelo, ndipo musazidyetse kwa tsiku limodzi kapena awiri. Mukaona timadontho toyera ngati mchere pa thupi la nsomba, ndi matenda a white spot, amafala thanki yonse pa masiku ochepa. Mankhwala ake alipo kwa ogulitsa zansomba, ndipo amagwira bwino mukayamba msanga. Ambiri amafunsa nzeru itatsala nsomba imodzi.

Chomaliza ndikupempheni ndi mtima wonse. Guppy, platy, betta ndi goldfish ndi nsomba zachilendo kuno. Zikakukwanani kapena zikachulukana, musakazitaye m'nyanja, mumtsinje wa Linthipe, m'dambo kapena m'ngalande. Ku Nyanja ya Victoria anaikamo nsomba yachilendo ya Nile perch m'zaka za m'ma 1950, ndipo mitundu yambirimbiri ya nsomba za m'banja limodzi ndi mbuna zathuzi inatheratu. Malamulo athu a zausodzi salola kuika nsomba zachilendo m'madzi a dziko lino popanda chilolezo. Zotsala mupatseni wina amene ali ndi thanki, kapena mubwezereni wogulitsa. Zakufa zikwirireni pansi, ndipo madzi omwe mwachotsa m'thanki athireni pamaluwa, kutali ndi ngalande.