Wotsogolera ntchito yoteteza nyanja timamusankha bwanji

Ndikakhala m'gulu lofunsa anthu ofuna udindo wotsogolera pulojekiti yoteteza malo a m'madzi, mapepala a kusukulu sindichedwa nawo. Digiri ya za nsomba kapena zachilengedwe ndi yofunika, koma pafupifupi aliyense amabwera nayo. Funso limene ndimakakamira ndi ili: mwapeza msodzi m'bandakucha akukoka ukonde wa udzudzu pamalo oletsedwa, ana ake ali pagombe ndi beseni kudikira ndiwo. Mutani?

Ambiri amayankha msanga kuti alanda ukondewo. Sanalakwe, pajatu ukonde wotere umakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Koma ine ndimatchera khutu kwa amene amapitiriza kunena za mawa lake, kuti apita kwa nyakwawa, akhala pansi ndi komiti ya padoko, n'kumva chimene chinamufikitsa msodziyo pamenepo.

Paki ya kumtunda, monga Liwonde, mungaitchingire ndi mpanda. Madzi simungawatchingire. Paki ya Lake Malawi ku Cape Maclear inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO, nthambi ya United Nations, inaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala. Mitundu ina ya mbuna imapezeka pachilumba chimodzi chokha, moti ikatha pamenepo yatheratu. Komabe madzi otetezedwa ndi mamita 100 okha kuchokera kugombe, ndipo midzi ya asodzi ngati Chembe ndi Msaka ili m'paki momwemo. Mzere wa malire a mamita 100 amenewo suoneka ndi maso. Alonda, ngakhale atachuluka bwanji, sangaulondere usiku wonse pamene nyali za asodzi a ukonde wa chilimira zadzaza panyanja. Amene angausunge ndi asodzi eni ake, ngati aona phindu lake.

Umboni uli ku Salima. Pachilumba cha Mbenje, Mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi m'nyengo ya mvula chaka ndi chaka, ndipo mwambowu unayamba m'ma 1950, mapulojekiti asanabwere. Wofunsira ntchito amene sanamvepo za Mbenje amandikayikitsa.

Kunyanja ya mchere nkhani ndi yomweyi. Paki ya zilumba za Bazaruto ku Mozambique, ya mu 1971, imene bungwe losamalira mapaki la African Parks linayamba kuyendetsa mu 2017, imasunga dugong, nyama yodya udzu wa pansi pa nyanja yomwe imafera m'matchera. Pazilumbapo pakukhala anthu masauzande odalira usodzi, ndipo mtsogoleri wa kumeneko ayenera kugwira nawo ntchito tsiku ndi tsiku.

Zina timaziyang'ananso: kusunga ndalama mwadongosolo, kulemba malipoti omveka kwa opereka thandizo, kudziwa kuwerenga nsomba kuti pakatha zaka zitatu tidziwe ngati zachuluka kapena zachepa. Mafuta a injini ya boti akatha pakati pa mwezi, kulondera kumaima. Chilankhulo nacho si chaching'ono, chifukwa m'madoko a ku Mangochi mumamveka Chinyanja, Chiyao ndi Chitonga, ndipo msonkhano wodalira womasulira umazizira.

N'chifukwa chake sindikhutira ndi kalata yokha ya bwana wakale wa wofunsira ntchito. Ndimapempha kulankhula ndi wapampando wa komiti ya padoko limene munthuyo anagwirapo ntchito, ndipo ndimawafunsa ngati angamulandirenso atabwerera.