Mayi wamasiye amene anakana kukhulupirira mabuku

Ndikamaphunzitsa filosofi ya ku Ulaya ya zaka za m'ma 1200 ndi 1300, pamakhala wophunzira amene amakweza dzanja n'kufunsa kuti kodi amayi anali kuti. Ku yunivesite ya Paris kunalibe ndi mmodzi yemwe. Kumeneko kunali kwa amuna, ambiri a iwo anthu a tchalitchi, ndipo ankaphunzira m'Chilatini. Mlandu wa mkazi ankaukamba amuna okhaokha, mwini wake ali panja. Mmodzi mwa amayi amene anadzawayankha ndi Christine de Pizan.

Maganizo awo anachokera kwa Aristotle, katswiri wa filosofi wakale wa ku Greece, yemwe ankati mkazi ali ngati mwamuna amene sanaumbike mokwanira. Thomas Aquinas, wansembe amene ankaphunzitsa ku Paris ndipo anamwalira mu 1274, anafewetsako: anati mkazi sanakhalepo mwangozi, Mulungu anamufunadi. Komabe anaumirira kuti wolamulira azikhala mwamuna chifukwa ndiye ali ndi nzeru zambiri zoweruzira zinthu.

Mkazi wofuna kumvedwa ankayenera kulowera khomo lina. Hildegard wa ku Bingen, mkulu wa masisitere ku Germany (1098 mpaka 1179), ankalembera makalata apapa ndi mafumu, nthawi zina mowadzudzula, koma ankadzitcha mkazi wosauka ndi wosaphunzira, n'kumati zonse wazilandira m'masomphenya. Mphamvu yake inagona pamenepo: mwini mawuwo ndi Mulungu, iye ndi chiwiya chabe.

Christine de Pizan sanadutse khomo limenelo. Anabadwira ku Venice mu 1364, n'kukulira ku Paris kumene bambo ake anali dokotala komanso katswiri wa nyenyezi kunyumba ya Mfumu Charles V. Mwamuna wake atamwalira, anatsala ndi ana atatu, mayi ake ndi milandu ya chuma chamasiye, iye ali ndi zaka 25 zokha. Anayamba kudyetsa banja ndi cholembera. Mu 1405 analemba m'Chifalansa buku lotchedwa Le Livre de la Cité des Dames, kutanthauza Buku la Mzinda wa Amayi.

Chiyambi cha bukuli ndi chimene ndimachikonda koposa. Christine ali m'chipinda chake chowerengera, watola kabuku konyoza akazi ka mlembi wina wotchedwa Matheolus, ndipo akukumbukira kuti akatswiri ambiri otchuka analemba zofananazo. Akaganizira khalidwe lake ndi la amayi amene amawadziwa, olemera ndi osauka omwe, sakupeza zimene mabukuwo akunena. Koma akudzikayikira: anthu ophunzira chotere angalakwe onse? Mpaka akudandaula kwa Mulungu chifukwa chomulenga mkazi. Kenako kukubwera amayi atatu ovala zisoti zachifumu, Nzeru, Kulungama ndi Chilungamo. Nzeru akumukumbutsa kuti afilosofiwo amatsutsana okhaokha, Aristotle mwiniyo anatsutsa mphunzitsi wake Plato, ndiye bwanji mawu awo aziwatenga ngati chikhulupiriro?

Apa mpamene pali filosofi yeniyeni. Pa nthawi imene mfundo inkalimba ukatchula dzina la katswiri wakale, iye ananena kuti zimene munthu waona ndi maso ake ndi umboninso, ndipo umboni wotere ungagonjetse buku.

Kuchokera apo Christine akumanga mzinda wake wophiphiritsa, miyala yake ndi amayi a mbiri: mafumukazi, ankhondo, ophunzira, oyera mtima. Nkhani zambiri anazitenga kwa Boccaccio, mlembi wa ku Italy, n'kuzikonza kuti zimuthandize. Akuti chifaniziro cha Mulungu chili mu mzimu, ndipo mzimu wa mkazi ndi wabwino ngati wa mwamuna. Akutinso atsikana akanamatumizidwa kusukulu ngati anyamata, akanaphunzira chimodzimodzi. Izi ankazidziwira kwawo: bambo ake ankakondwa akamuona ndi buku, pamene mayi ake ankafuna kuti azipota ulusi.

Owerenga a lero ena amakhumudwa akafika pamene akuvomera kuti kuyimira anthu pa milandu kukhoti ndi ntchito ya amuna. Inenso pamenepo ndimaona kuti anabwerera m'mbuyo, ngakhale amafulumira kunena kuti chifukwa chake si kuchepa nzeru, n'kutchula amayi amene analamulira mayiko bwinobwino.

Atakalamba anakakhala kunyumba ya masisitere. Mu 1429 anamva kuti mtsikana wakumudzi, Jeanne d'Arc, watsogolera asilikali n'kupulumutsa mzinda wa Orléans ku France. Anatolanso cholembera n'kulemba ndakatulo yomutamanda, Jeanne akadali moyo.