Mbaula adzaika pati?

Mwini puloti akandipeza kuti ndimujambulire pulani ya nyumba za mdadada, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Palowa makomo angati?" Ku Ndirande, Bangwe, Chinsapo kaya Mtandire, nyumba za lendi amaziwerenga ndi makomo, poti khomo lililonse ndi ndalama mwezi ukatha. Ine ndimayamba ndafunsa kuti wodzakhalamoyo mbaula adzaika pati.

Chipinda cha mamita 3 mbali zonse chimadzaza ndi bedi ndi katundu basi. Pophikira palibe, ndiye mayi amayatsa mbaula pakanjira komwe aliyense amadutsa popita kuchimbudzi. Ndiwo zake zimadziwika mdadada wonse. Mvula ikagwa amalowetsa mbaulayo m'nyumba n'kutseka chitseko, chonsecho makala oyaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, umene umapha munthu ali m'tulo.

Kumudzi nkhaniyi makolo anaithetsa kalekale. Mlendo amaodira pabwalo, amalandiridwa pakhonde, kuchipinda salowa. M'tauni tinachotsa khondelo pofuna kupulumutsa njerwa, moti munthu akangotsegula chitseko, bedi lake laonekera kubwalo. Khonde la mita imodzi ndi theka, lofoleredwa, lokhala ndi kakhoma kofika m'chiuno pakati pa khomo ili ndi linzake, n'lokwanira. Pamenepo aphika, atsuka mbale, acheza ndi mlendo, ndipo aliyense adziwa polekezera tsache lake.

Chachiwiri ndi khoma la pakati pa zipinda. Amisiri ambiri amalilekeza pomwe payambira denga, pamwamba n'kusiya mpata. Mpatawo ndi msewu wa makoswe, utsi, moto ndi mawu. Ana a khomo linalo amamva zosayenera kumva, ndipo mabanja ena amasamuka osanena chifukwa. Mizere yochepa ya njerwa kufika pamalata, ndi pulasitala mbali zonse ziwiri, sizingagwetse landilodi.

Sikuti kugawana n'koipa. Mpopi, chingwe choyanikira ndi bwalo losewerera ana zimayenda bwino zikakhala pakati, pomwe khomo lililonse likuona. Koma mita imodzi ya ESCOM pa mabanja asanu ndi mlandu wa mwezi ndi mwezi: wina ali ndi babu limodzi, wina akusita ndi kuphikira magetsi, mayunitsi akatha onse asonkhe mofanana. Khomo lililonse likhale ndi kamita kake.

Chimbudzi ndiye sindinyengerera. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ndipo chimbudzi cha aliyense chimasowa wochikolopa. Ndimajambula chimodzi pa makomo awiri kapena atatu, chokhala ndi loko wake, khomo lake losayang'ana pomwe anthu amacheza, potalikira chitsime mamita 30. Zikatero pulotiyo imataya khomo limodzi, ndipo apa ndi pomwe ine ndi eni puloti timakanganirana nthawi zambiri.