Momwe David Garrick anasandutsira zithunzi kukhala zotsatsira masewero

Ku England m'zaka za m'ma 1700 anthu a zisudzo sankapatsidwa ulemu kwenikweni, malamulo akale ankawaika gulu limodzi ndi anthu ongoyendayenda, ndiye mu 1737 kunabweranso lamulo lofinya nyumba za zisudzo moti mu London zimene zinatsala ndi chilolezo chenicheni zinali Drury Lane ndi Covent Garden. Koma anthu sasowa njira. Ku nyumba ina ya zisudzo ya ku Goodman's Fields, mu London momwemo, ankalipiritsa anthu ati kudzamvera nyimbo, sewerolo nkumati ndi laulere lapakati chabe. Uko ndi kumene mu 1741 mnyamata wina wogulitsa vinyo, David Garrick, anasewera ngati mfumu Richard III mu sewero la Shakespeare, London yonse nkuyamba kukhamukira komweko.

Vuto la sewero ndi loti likatha latha, nthawi imeneyo kunalibe kamera. Ndiye mu 1745 William Hogarth anamujambula ndi penti ali mfumu yomweyo, wadzidzimuka kutulo mu tenti usiku woti mawa nkhondo ya ku Bosworth, mizimu ya anthu amene anawapha yamubwerera kumaloto, dzanja watambasula zala zili nyankhalala, zida zankhondo zili pansi. Ukachiona sungadziwe ngati ukuona Garrick kapena mfumuyo, ndipo mphamvu yake ili pomwepo. Thomas Duncombe anachigula mapaundi 200, Hogarth mpaka ankadzitama kuti palibe wojambula mnzake wachingelezi analandirapo ndalama zotero pa chithunzi cha munthu mmodzi. Mu 1746 anachizokota pa chitsulo nkusindikiza makope ambirimbiri otchipa, oti ngakhale munthu wakutali amene sanapondepo ku London ankatha kupachika pakhoma.

Ine ndimaona kuti Garrick anali wochenjera pa bizinesi kuposa momwe anthu amanenera. Atatenga utsogoleri wa Drury Lane mu 1747 sanasiye kujambulitsa, anakokera pafupi Johan Zoffany, wochokera ku Germany, amene mu 1762 anamujambula akusewera ngati mlimi wobwerera kwawo kuchokera ku London akufotokozera banja lake zimene waona. Zoffany ankajambula ochita sewero angapo pamodzi ngati wawaimitsa pakati pa zochitika, ndiye chithunzi chilichonse chotere chinkaitanira anthu ku sewerolo. Garrick atamwalira mu 1779 anaikidwa ku Westminster Abbey komwe kwagona mafumu.

Wojambula wina, Joshua Reynolds, yekha anatenga njira ina. Mu 1784 anajambula Sarah Siddons, mayi wochita zisudzo, osati ali mu sewero linalake ayi koma atakhala pampando wachifumu ngati mwini wake wa masewero achisoni onse, kumbuyo kwake mumdima muli anthu awiri, wina wanyamula mpeni wina chikho, ndipo dzina lake Reynolds analilemba m'mphepete mwa diresi la mayiwo. Chimenechi chinagulidwa ndi Henry Huntington mu 1921 ndipo chili ku California, cha Hogarth chija mukachifuna nchaku Walker Art Gallery ku Liverpool.