Kalembedwe ka pantchito mu digiri ya Chingerezi: mafunso ndi mayankho

Chilengezereni kuti ophunzira digiri ya Chingerezi atha kusankha nthambi ya kalembedwe ka pantchito, pakhomo pa ofesi ya dipatimenti sipakutha mzere. Ambiri mukubwera ndi mafunso ofanana, ena mutamva kale mphekesera. Tayankha pano mafunso amene akutipeza tsiku ndi tsiku.

Kodi kalembedwe ka pantchito n'chiyani?

Ndi luso lolemba zimene anthu amagwiritsa ntchito: malipoti, makalata a mu ofesi, mapempho a thandizo la ndalama, uthenga wopita kwa atolankhani, malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka zipangizo, komanso kukonza zimene ena alemba.

Ndiye kuti ndakatulo, zisudzo ndi mabuku a nthano ndatsanzikana nazo?

Ayi. Maphunziro amene aliyense wa digiriyi ayenera kuchita ali pomwepo. Nthambiyi ikungolowa m'malo mwa maphunziro ena osankha.

Ndinakhoza bwino chaka choyamba. Bwanji dzina langa palibe pamndandanda?

Funso ili ndi limene ladzetsa madandaulo ambiri, choncho tiliyankha mofatsa. Kukhoza chaka choyamba kumakupatsani mwayi wopempha malo, osati malowo. Makalasi a nthambiyi ndi aang'ono mwadala. Ntchito imodzi ya wophunzira mphunzitsi amaiwerenga, n'kuibweza, mwiniwake n'kuilembanso, mphunzitsi n'kuiwerenganso. Kalasi ikakula, zimenezi sizitheka, ndipo phunziro lolemba lopanda woona zolemba zako ndi dzina chabe.

Posankha, komiti imayang'ana kwambiri magiredi a maphunziro a galamala ndi kalembedwe, pamodzi ndi chitsanzo cha zolemba chimene munapereka. Avereji ya maphunziro onse imaganiziridwa, koma si imene imatsogola. N'chifukwa chake zatheka kuti mnzanu amene avereji yake ndi yotsika pang'ono watengedwa, inu ayi. Tikudziwa kuti izi zawawa ena, ndipo tivomereze kuti mndandanda unatuluka tisanafotokoze bwino njira yosankhira. Pamenepo tinalakwa. Koma zimene zikumveka zakuti panali kukondera si zoona: zitsanzo za zolemba zinawerengedwa zilibe mayina, zili ndi nambala za ophunzira zokha.

Ngati mukuona kuti panalakwika powerengetsera magiredi anu, lembani kalata kwa mkulu wa dipatimenti. Komiti idzaonanso, ngakhale sitingalonjeze kuti chigamulo chidzasintha. Ophunzira a madipatimenti ena amaganiziridwa pokhapokha malo atatsala, ndipo si chaka chilichonse pamene amatsala.

Pa satifiketi padzalembedwa chiyani?

Digiri ya Chingerezi. Maphunziro a nthambiyi adzaoneka pachikalata cha magiredi.

Kodi pali ndalama zoonjezera? Nanga tikapita kokaphunzira ntchito timalipidwa?

Dipatimenti sitolera ndalama iliyonse. Wina akakuuzani kuti mulipire kuti dzina lanu lilowe, dzatiuzeni. Za fizi funsani ku ofesi ya zachuma, chifukwa ndi okhawo amene angakupatseni yankho lomanga yunivesite.

Nkhani ya malipiro kokaphunzira ntchito ndi yovutirapo. Mabungwe ena amapereka kangachepe ka mayendedwe, ena sapereka kanthu, ndipo ife tilibe mphamvu yowakakamiza. Chimene timachita ndi kuwapempha kuti anene poyera musanayambe. Tikudziwa kuti kwa wophunzira amene akuvutika kale, masabata ogwira ntchito popanda malipiro ndi katundu wolemera, ndipo nkhaniyi taikambirana kangapo osapeza yankho lokhutiritsa. Pakadali pano, amene sangakwanitse atha kupempha ntchito yapadera yochitira pasukulu pomwe, monga kukonza zikalata za maofesi a yunivesite. Pempho lililonse limaonedwa palokha.

Kodi luso limeneli likufunikadi, kapena ndi dzina latsopano la maphunziro akale?

Likufunika. Ku Britain, bungwe la Plain English Campaign lakhala likulimbana ndi zikalata zosamveka kuyambira 1979. Ku America, lamulo la Plain Writing Act la 2010 limalamula nthambi za boma kulemba momveka zikalata zopita kwa anthu. Mu 2023 bungwe la ISO, loona za miyezo, linatulutsa muyezo wa dziko lonse lapansi wa kalembedwe komveka. Zonsezi zinabwera chifukwa fomu yosamveka imamanitsa munthu thandizo limene akuyenera kulandira, ndipo malangizo a mankhwala olembedwa mozungulira atha kuvulaza wodwala. Pamayeso mumalembera mphunzitsi amene akuidziwa kale nkhaniyo ndipo adzawerenga mpaka kumapeto. Kuntchito mumalembera munthu wotanganidwa amene mwina adzawerenga ndime yoyamba yokha, choncho mfundo yaikulu iyenera kukhala pamenepo. Ophunzira ambiri aluso amapunthwa pa kusintha kumeneku.

Mutitsimikizira ntchito tikamaliza?

Ayi, ndipo palibe dipatimenti imene ingatero moona mtima. Chimene mudzatuluka nacho ndi mpukutu wa zolemba zanu zoti mukaonetse kwa olemba ntchito.

Nanga ChatGPT, pulogalamu ya pakompyuta yolemba ngati munthu, ndi yololedwa?

Chitulukireni ChatGPT mu Novembala 2022, lamulo lathu pankhaniyi lasinthapo, ndipo litha kusinthanso. Panopa zili chonchi: pa ntchito zina mphunzitsi adzakulolani kuigwiritsa ntchito, nthawi zina adzakupatsani zimene makinawo alemba kuti muzikonze ndi kufotokoza chimene chalakwika. Ngati sananene kuti n'zololedwa, dziwani kuti n'zoletsedwa, ndipo kupereka zolembedwa ndi makina ngati zanu kumatengedwa ngati kubera. Sungani zolemba zanu zoyamba zonse, chifukwa pakakhala chikaiko ndi zimene tidzapemphe kuona.

Ndingasinthe maganizo nditayamba kale?

Inde, bola muchite zimenezi nthawi yosinthira maphunziro isanatsekedwe. Fomu yake ili ku ofesi ya kalembera, osati kwa ife.